Anayamba Kufunsa Ine

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi chifuwa chija chinasiya? Nanga manja, sopo wa kuntchitoko akukusendanibe khungu? Kuno tonse tili moyo. Bambo bondo lija limawavuta kukazizira, koma akuyenda. Achimwene ali bwino, akadali pa garaja pomwe paja.

Lero kunacha ndi mvula yowaza, ija yosanyowetsa msanga koma yosasiya. Ndinadzuka ndikumva madontho akugwera m'ndowa imene mayi amatchera pakona ya khonde. Wailesi ya aneba inkalira chapansipansi, ndipo wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu ankakoka mageti ake kuwatulutsa panja. Mwana wanu Injiniya anali asanadzuke. Anagona chopingasa monga mwa masiku onse, phazi lake lili pamimba panga. Sindinalichotse.

Ndikulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa zimene ndikufuna kunenazi sizingatuluke pakamwa panga inu mukumva. Ndinayesa kale, ndipo ndikuuzani mmene ndinalepherera.

Bambo anakuuzani pafoni kuti tonse tinagwirizana zoti Injiniya apite akakhale kwa bambo ake. Sananame. Koma sanakuuzeni mmene zinayendera, ndipo ine ndi amene ndiyenera kukuuzani.

Lamulo la bambo mukulidziwa, munakuliramo. Kuyambira pamene anakhalapo mlembi wa bungwe la antchito kufakitale kuja, nkhani yaikulu m'nyumba muno siitsekedwa mpaka aliyense atavomera. Mawu awo aja a Chingerezi, unanimous, akadawakondabe. Mmodzi akangoti ayi, nkhani yafa. Inu nomwe munakanapo nokha kuti galu uja asaperekedwe kwa anthu, ndipo anakhala mpaka kufa ndi ukalamba, akutafuna nsapato za bambo. Mukukumbukiranso kuti amayamba kufunsa wamng'ono, ati kuti mwana asamangotsatira pakamwa pa akuluakulu. Wamng'onoyo ndine.

Nkhaniyi inayambira pa kalikyuleta imene munanditumizira. Tsiku lina ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza Injiniya ali pansi m'chipinda chathu, ataitsegula ndi kampeni. Mabatani onse anawandandalika bwinobwino pamkeka, ndipo anandiyang'ana monyadira. Akuti amafuna kuona kumene manambala amagona.

Achemwali, ndinakalipa. Simunandimvepo ndikukalipa, ngakhale ine ndinadabwa. Ndinanena za kalikyuleta, za magalimoto amene anajambula m'kope langa la sayansi, za mabulangete amene ndimayanika m'mawa anzanga akundiona. Kenako ndinati ndatopa naye, bola akanapita kwa bambo ake ndipumeko. Sindinadziwe kuti bambo ali kuseri kwa zenera akupopa njinga. Ndinangomva pampu yasiya kulira.

Panadutsa masiku, ine n'kuiwala.

Lamlungu lapitali titatha kudya masana, bambo anagogoda kapu ndi supuni. Achimwene anandinong'oneza kuti komiti yakhala, ofuna kuyetsemula ayambe akweza dzanja. Mayi anauza Injiniya kuti akasewere kwa aneba, koma sanapite. Anakakhala pa thayala lakale lija pabwalo, moyang'anizana ndi zenera, akugwedeza miyendo.

Bambo anati bambo ake a mwanayu anabwera kudzawaona. Akuti tsopano anakwatira, ali ndi nyumba ya zipinda zokwanira, sukulu ili pafupi, ndipo akupempha mwana wawo. Anafotokoza mbali zonse mosakondera, monga amachitira. Pomaliza anawonjezera kuti komanso m'nyumba muno muli munthu amene mayeso ake akulu ayandikira. Ponena zimenezi sanandiyang'ane. Kenako anatembenukira kwa ine.

Zinangofunika mawu amodzi basi. Ndikanati ayi, bambo akanagogoda kapu, mayi akanachotsa mbale, nkhani ikanathera pomwepo. Koma m'mutu mwanga munabwera chipinda. Ndinaona chitseko chotseka, tebulo lopanda wolikhudza, bedi louma, usiku wopanda wondifunsa chifukwa chimene nsomba sizimira. Ndinati apite.

Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinawonjeza kuti mwina sukulu ya kumeneko ndi yabwino kuposa yathu, komanso mwana ayenera kudziwa bambo ake. Ndinazinena mwaulemu, ngati munthu woganizira mwana. Sukuluyo sindinaionepo n'komwe.

Bambo anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Inu mukudziwa kuti safunsa kawiri. Ndinati eya.

Achimwene anakanda m'mutu, n'kunena kuti ngati wogona nayeyo watero, iwo alibe mawu. Mayi anakhala nthawi yaitali akupinda ndi kupindula ngodya ya nsalu ya patebulo. Kenako anangoti chabwino. Bambo anatchula mawu awo aja, koma motsitsa, ndipo kapu sanaigogode. Nditasuzumira pazenera ndinaona Injiniya akundibayibitsa.

Pamene ankakuimbirani ndinali pakhomo la chipinda. Bambo amaikira foni kutali ndi khutu, ndiye ndinamva zonse. Munafunsa ngati mayi avomera. Munafunsa ngati achimwene avomera. Kenako munafunsa za ine, mochita kubwereza, ngati kuti pamenepo pokha ndi pamene simukanakhulupirira. Bambo anati ineyo ndi amene ndinayamba. Pamenepo munati ngati nonse mwatero, ine ndingatani.

Tsiku lotsatira ndinkathandiza mayi kukamula mabulangete, iwo mbali ina ine mbali ina. Osandiyang'ana, anati ayi wawo anali kale pakamwa, amangodikira kuti akhale wachiwiri. Akuti chikwatiwireni sanakhalepo oyamba kutsutsa nkhani imene bambo abweretsa, ndipo anali ndi chikhulupiriro chonse kuti ine ndikana, poti mwanayu amanditsatira ngakhale kuchimbudzi. Nditavomera, anaganiza kuti mwina ndakhala ndikuvutika mumtima osanena. Sanandikalipire. Anangoti ndipotoze mwamphamvu, madzi akadalimo.

Madzulo ake ndinafunsa achimwene akusamba m'manja ndi palafini. Amvekere, iwe Pulofesa, ine ndimabwera muno kudzagona basi, ndikanakana bwanji katundu amene sindisenza? Akuti iwo anali atayamba kale kumusungira timasipanala takale, kuti akakula pang'ono azipita naye ku garaja. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Lachitatu kusukulu mawu a bambo aja, unanimous, ananditsatira. Tinkawerenga nkhani ya anthu amene ankasankha mtsogoleri, ndipo aphunzitsi a Chingerezi anawalemba pabolodi ndi zilembo zazikulu. Anati anachokera ku chinenero chakale, ku mawu awiri otanthauza mtima umodzi. Sanenedwa pamene ambiri apambana ochepa, ayi. Amanenedwa pokhapokha ngati palibe ngakhale mmodzi wotsalira. M'chipinda mukhale anthu zana, mmodzi yekha akakana, mawuwa sagwiranso ntchito. Anatinso alipo ena ofanana nawo, consensus, amene amanenedwa pamene anthu akambirana mpaka ena agonjera kuti zinthu ziyende, ngakhale sanakhutire kwenikweni.

Kenako anati wina apange chiganizo chochokera pa moyo wake. Palibe anakweza dzanja. Analoza ine, mwina poti ndinali ndekha amene sindinkayang'ana pansi. Ndinaimirira n'kunena m'Chingerezi kuti banja lathu linagwirizana ndi mtima umodzi kuti mwana wa achemwali anga asamuke. Aphunzitsi anati chiganizocho chilibe cholakwika, ndipo nyumba imene ana amafunsidwa maganizo ndi nyumba yodala. Anauza kalasi kuti indiombere m'manja. Wina kumbuyo anakuwa kuti abale, kodi uyu ali ndi mawu? Onse anaseka.

Belu litalira ndinatsalira. Ndinawafunsa ngati mawuwa amakhalabe olondola pamene anthu onse anena eya koma m'mitima mwawo muli ayi. Anali akulongedza mabuku. Anati inde, ndi olondolabe, chifukwa wolemba za msonkhano amalemba zimene wamva, sangalowe m'chifuwa cha munthu. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino.

Injiniya anauzidwa ndi mayi kuti akupita kukakhala kwa adadi ake, kumene kuli bedi lakelake. Sanalire. Koma kwa masiku awiri ankakwawa pansi pa bedi ndi kuseri kwa kabati, akutuluka ndi fumbi m'mutu. Lachinayi anabwera patebulo langa ndi bokosi la machesi. M'katimo munali timisomali ta kalikyuleta ija. Anati wapeza tonse, ngakhale kamene kanalowa mumng'alu wa simenti. Kenako anafunsa, akuti amalume, ndikabweza tonse ndiye sindipita, eti?

Ndinamuuza kuti sakupita chifukwa cha kalikyuleta. Anafunsa ngati n'chifukwa cha kukodza, poti wayamba kusamwa madzi madzulo. Ndinati ayi. Anafunsa kuti nanga n'chifukwa cha chiyani. Achemwali, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anandifunsa funso lolunjika, ine n'kutsegula buku n'kumuuza kuti ndikuwerenga.

Dzulo ndinalimba mtima n'kupita kwa bambo. Ndinawapeza pakhonde akusoka ambulera. Ndinati ndikufuna kubweza mawu anga.

Anapitiriza kusoka. Anati anandifunsa kawiri. Kenako anandiuza kuti tsiku la kalikyuleta lija anamva zonse, ndipo zinawapweteka kuti mwana wawo wosalankhula wafika pokuwa chotero. Anaganiza kuti andisenzetsa katundu wolemera pa msinkhu wanga. Bambo ake a Injiniya anali atapemphapo kale kangapo, iwo n'kumangozengereza. Ulendo uno anaibweretsa patebulo chifukwa cha ine. Akuti iwo eni sankafuna n'komwe. Nanga adzawagwirira ndani sipanala akamakonza njinga?

Mwaona, achemwali? Mayi sankafuna. Achimwene sankafuna. Bambo sankafuna. Inu simunkafuna. Amene ankafuna ndinali ine ndekha, ndipo ndinangofuna masana amodzi okha. Koma poti anayamba kufunsa ine, aliyense anandipatsa njira mwachikondi, mmodzimmodzi, mpaka mwana anatuluka m'nyumba.

Ndinati ndiye tingosintha, poti palibe akufuna. Bambo anaika singano pansi. Anati anawauza kale anthu, tsiku linapanganidwa, ndipo munthu uja wagula kale bedi. Chimene tamanga tonse chimamasulidwa ndi tonse, osati ndi mmodzi amene wagona n'kudzuka ndi maganizo ena. Ndipo tikati tikhalenso pansi kuti timasule, iwo ndi amene adzakane, chifukwa sangapite kwa mwamuna mnzawo kukanena kuti nyumba yawo imalankhula pawiri. Lamulo lomwe lija linanditembenukira.

Ndiye ndinafunsa za inu. Anati munavomera. Ndinati ayi, ndinamva ndekha, simunanene kuti eya, munati ndingatani. Komanso munafunsidwa pomaliza, mutauzidwa kale kuti tonse tatha, pamene mwanayo ndi wanu.

Bambo anatolanso singano. Kenako anati mukanena nokha, ndi pakamwa panu, kuti simunavomere, ndiye kuti nkhaniyo sinatsekedwe n'komwe, ndipo zimenezo akhoza kukazinena kwa munthu aliyense osachita manyazi. Koma iwo sakuimbirani kukupemphani kuti mukane, akuti kumeneko n'kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Ndipo ine ndisakuyankhulireni.

Apa ndi pamene pali manyazi anga aakulu. Achimwene atabwera ndinabwereka foni yawo. Ndinapita nayo kuseri kwa nyumba, ndinapeza nambala yanu, ndinadina. Kenako ndinaganiza kuti mufunsa chifukwa chimene ndinavomerera, ndipo ndiyenera kunena ndi mawu anga kuti ndinasinthanitsa mwana wanu ndi chipinda. Ndinadula isanalire. Ndinabweza foni n'kunama kuti simukupezeka. Ndikanapirira pang'ono pokha, mwina lero sitikanapita kudepoti.

Tinanyamuka mvula ikuwazabe. Mayi anamuveka Injiniya juzi yofiira imene munatumiza. Achimwene ananyamula chikwama, ine ndinamubereka pamapewa kuti asaponde matope. Njira yonse ankandigwira makutu ngati chiwongolero, akundiuza kuti ndikhote, ndiime, ndipatse njira njinga. Ndinkamvera zonse.

Bambo ake tinawapeza atafika kale. Ndisawanamizire, si munthu woipa. Anapereka moni mwaulemu, anagwada kuti alingane ndi mwana, ndipo anatulutsa nsapato zatsopano m'pepala. Zinali zazing'ono. Anayesa kukankha chidendene, zinakana. Anaseka mwamanyazi n'kunena kuti samadziwa kuti wakula chonchi. Injiniya anawatcha ankolo. Palibe anamukonza.

Kondakitala atayamba kukuwa kuti okwera akwere, Injiniya anagwira siketi ya mayi ndi manja onse awiri. Sankalira mokweza, koma maso ake anali pa ine. Pamenepo ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti ine sindikufuna. Koma mawuwo anatuluka aang'ono, injini inali italira kale, ndipo bambo anali akugwirana chanza ndi munthu uja. Amene anamva ndi mayi okha.

Anandiyang'ana. Kenako anamasula makiyi a nyumba pa kachingwe kawo n'kundipatsa m'manja. Ananyamula mwana n'kukwera basi, opanda chikwama, opanda chosinthira, atavala masilipasi a pakhomo. Bambo anathamangira pazenera ndi ambulera yawo, akuti amayi, zimenezi sitinakambirane. Mayi anatsegula galasi n'kuyankha kuti tikakambirane, tikagwirizana tiwauze, iwo akupita kukaona kumene mdzukulu wawo azikagona. Achimwene anatembenuka kuti bambo asaone kuti akuseka. Basi inanyamuka.

Tsopano pempho langa ndi ili. Imbirani bambo. Musadikire kuti mtima uyambe wakhala pansi, chifukwa akayamba sukulu kumeneko zidzavuta. Auzeni zoona, kuti simunavomere. Musaope kuti mukhala nokha. Bambo akagogodanso kapu adzayamba kufunsa ine, ndipo ulendo uno ndidzanena mokweza moti ngakhale aneba adzamva.

Ngati inuyo mukuona kuti kwa bambo ake n'kwabwinodi, nenaninso chomwecho, ndidzamva. Koma chikhale chochokera kwa inu, osati chifukwa choti munamva kuti mlongo wanu watopa naye. Sindinatope naye. Mayeso ndilemba ali pomwepo. Mabulangete ndizichapa ndekha.

Za ine, sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Munandisiyira mwana pakhomo paja n'kunena kuti ndimuyang'anire poti ine ndimaona zonse. Ndinaonadi zonse. Mukafuna kundikalipira, lembani, ndiwerenga mpaka pomaliza.

Mundiperekere moni kwa azakhali ngati mumakumana nawo Lamlungu, ndiponso kwa anzanu amene mumagona nawo chipinda chimodzi. Muziphimba pachifuwa m'mawa. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pa ntchito yanu.

Kuchokera kudepoti achimwene anapitirira ku garaja, akuti abwera madzulo. Kunyumba tabwerera awiri, bambo ndi ine, pa ambulera imodzi. Ndinatsegula chitseko ndine. Mayi sanabwere. Injiniya sanabwere.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.